Madzi Saiŵala Khwaŵa: Mau kwa Mabanja Ofuna Pomanga ku Ngala

Inu amene mukumvera m'nyumba mwanu, ndi inu akatekisiti amene mabanja amakufikirani akathedwa nzeru, lero tikambirane za kusamuka ndi za kusankha malo omangapo nyumba. Maso athu tiika pa Ngala, dera la m'mphepete mwa nyanja kumpoto kwa boma la Nkhotakota, pa mseu wa M5 pakati pa Dwangwa ndi Dwambazi. Komabe zimene tinene zikukhudza aliyense wokhala m'mbali mwa nyanja yathu, kuyambira ku Mangochi mpaka ku Karonga.

Nkhaniyi ili ndi pochokera. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 kudagwa mvula yamphamvu m'boma la Nkhotakota. Mtsinje wa Dwangwa ndi mitsinje ina idasefukira, makamaka m'dera la Mfumu Kanyenda. Mseu wa M5 udaduka, anthu ena adataya miyoyo, ndipo oposa 10,000 adasiya nyumba zao nkukakhala m'misasa. Anthu asanapume, nyanja nayo idakwera. Pofika Epulo chaka chomwecho madzi adaloŵa m'nyumba, m'minda ndi m'malo ogona alendo m'magombe ambiri. Kuyambira pamenepo funso la m'mabanja ambiri lakhala limodzi: kodi timangenso pomwepa, kapena tichoke? Nanga tikachoka, tipite kuti?

Yankho lake silingakhale limodzi kwa onse. Koma pali mfundo imodzi yoti tigwiritse: malo omangapo nyumba sasankhidwa ndi maso okha pa tsiku limodzi la m'chilimwe. Amasankhidwa pofunsa. Tifunse za madzi, tifunse za chakudya, tifunse za mwini malo, ndipo tifunsane m'banja momwe. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Mmene nyanja imadzazira ndi kuphwera

Tiyambe ndi madzi. Nyanja ya Malaŵi imalandira madzi kuchokera ku mvula yogwa pa nyanja penipeni, ndiponso ku mitsinje yambiri monga Ruhuhu wa ku Tanzania, Songwe, Rukuru, Dwangwa, Bua ndi Linthipe. Koma khomo lotulukira madzi ndi limodzi lokha, ndilo mtsinje wa Shire ku Mangochi. Ngakhale Shireyo amatulutsa gawo lochepa chabe, pakuti madzi ambiri amachoka pouma ndi dzuŵa ndi mphepo. Motero zikatsatana zaka zingapo za mvula yambiri, madzi oloŵa amaposa otuluka, ndipo nyanja imanka nikwera chaka ndi chaka. Zikatsatana zaka za chilala, imanka nitsika.

Chaka chilichonse nyanja imakwera ndi kutsika pafupifupi mita imodzi. Imadzaza kwambiri mu Epulo ndi Meyi, ndipo imaphwera kwambiri cha mu Novembala ndi Disembala. Kukwera ndi kutsika kumeneku msodzi aliyense amakudziŵa. Kumene kumanyenga anthu ndi kwina, kuja kotenga zaka makumimakumi. Cha m'ma 1915 nyanja idaphwera kotero kuti Shire adaleka kutulutsa madzi ake, ndipo zidakhala choncho mpaka cha m'ma 1935. Mu 1980 idakwera mpaka pafupifupi mamita 477, poyeza kuchokera pa mulingo wa nyanja zikuluzikulu zamchere. Mu 1997 idatsika mpaka pafupifupi mamita 473. Mu 2024 idapitiriranso mamita 476.

Mamita atatu kapena anai angamveke ochepa, koma taganizani za gombe lathyathyathya, pamene munthu amayenda mamita 100 kuti akwere mita imodzi yokha. Pa gombe lotere, nyanja ikakwera mamita 3 imadya mtunda wa mamita 300. Onaninso kuti kuchokera mu 1980 kufika mu 2024 padapita zaka 44. Munthu wobadwa mu 1985 adakula, adakwatira, adabereka ana, osaonapo nyanja itafika pamene idafika nthaŵi ya makolo ake. Ataona mchenga wouma bwino, adati ndi mtunda, adamangapo. Sikuti adachita mwauchitsiru ai. Kungoti moyo wa munthu ndi waufupi poyerekeza ndi mayendedwe a nyanja.

Ena amati vuto lonse lili ku Liwonde, kumene kuli Kamuzu Barrage, chotchinga madzi chimene chidamangidwa pa Shire mu 1965. Nzoona kuti zitseko zake zimatha kuchepetsa kapena kuwonjeza madzi otsika ndi mtsinjewo, kuti makina opangira magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira azipeza madzi chaka chonse. Koma nyanja ndi yaikulu, kutalika kwake nkopitirira makilomita 550. Ngakhale zitseko zonse zitatsekulidwa, nyanja ingatsike pang'onopang'ono, pamene abale athu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje angamizidwe msanga. Tsono banja lisaike chikhulupiriro chake pa zitseko za ku Liwonde.

Malamulo a zamadzi m'dziko lathu amati malo a m'mphepete mwa nyanja amene ali munsi mwa mulingo wa mamita 477 ndi osayenera kumangapo, ndipo mu 2024 bungwe la National Water Resources Authority lidakumbutsa anthu zimenezi. Munthu wa kumudzi alibe chida choyezera mamita ameneŵa. Koma mwaona kuti mulingowu ndi womwe uja nyanja idafika mu 1980. Choncho chida chilipo, ndicho agogo amene adaona madzi a chaka chimenecho. Apempheni akutengeni, akakulozereni mtengo kapena mwala pamene madzi adalekeza. Inu mukamange kumtunda kwa pamenepo, ndipo musiyeko danga, chifukwa mwera ukamawomba mafunde amapitirira pamene madzi odekha amalekeza.

Madzi ochokera kumapiri

Nyanja imakwera mwaulemu, imapatsa munthu nthaŵi yosamutsa katundu. Mtsinje sutero. Dera la Ngala ndi kachigwa kopapatiza pakati pa nyanja kuvuma ndi mapiri kuzambwe. Mitsinje imatsika m'mapirimo mwaliŵiro, ndipo ikafika pathyathyathya imataya mchenga umene yanyamula. Mchengawo umadzaza njira ya mtsinje, mpaka tsiku lina madzi amasiya njirayo nkutsata khwaŵa lakale limene anthu adaliiŵala. Mtsinje wa Dwangwa umachokera kutali ku Kasungu, motero madzi angafike usiku kuno kunyanja kusanagwe dontho ndi limodzi lomwe. Mitengo ikatha m'mapiri chifukwa cha makala ndi nkhuni zootchera njerwa, madzi amatsika msanga koposa kale.

Nthaka yokha imachita umboni kwa munthu wodekha. Pamene pamera bango kapena gumbwa, pamenepo mpa madzi ngakhale pataoneka pouma. Dothi lakuda la makande, long'ambika m'chilimwe, limasunga madzi m'dzinja ndipo limang'amba zipupa. Zinyalala zokoledwa m'nthambi za mitengo zimakuuzani msinkhu umene madzi adafika. Zigoba za nkhono zam'madzi pamtunda wouma zikutanthauza kuti madzi adakhalapo. Malo amene mukufuna, kaŵaoneni kaŵiri: kamodzi mu Okutobala, kenaka mu Febuluwale kapena Malichi mvula itagwa masiku angapo. Ambiri amagula malo m'chilimwe, nthaŵi imene dambo lililonse limaoneka ngati mtunda.

Pothaŵa madzi a m'chigwa, tisathamangirenso m'tsinde mwa phiri lotsetsereka. Mu Malichi 2023, pa nthaŵi ya namondwe Freddy, matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Soche ku Blantyre nkukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo anthu ambiri adafera m'nyumba zao. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, limene limapatsa boma mphamvu zolengeza kuti malo ena ndi oopsa, osayenera kukhalapo anthu. Malo abwino ndi okwera pang'ono, otsetsereka mofatsa, otalikirana ndi khwaŵa ndiponso ndi phiri logumuka.

Za umoyo pa malo atsopano

Malo angakhale ouma koma odwalitsa. Gombe lathu lomweli lili ndi chitsanzo chodziŵika. Amishoni a ku Scotland atafika mu 1875 adamanga ku Cape Maclear, malo okongola, okhala ndi doko labwino la sitima yao. Koma malungo adapha anzao angapo, ndipo minda ndi midzi zinali zochepa. Mu 1881 adasamukira ku Bandawe, kumpoto kwa Ngala. Kumenekonso malungo sadaŵaleke, mpaka mu 1894 Robert Laws adakakhazikitsa likulu la mishoni pamwamba pa phiri ku Khondowe, kumene lero timati Livingstonia. Iwo anali ndi sitima ndi chithandizo chochokera kunja, motero adatha kusamuka kaŵiri. Banja la msodzi kapena la mlimi silingathe kumanga nyumba ya njerwa katatu.

Tsono musanakumbe maziko, funsani kumene mudzatunga madzi akumwa, ndipo ngati mjigo ulipo, funsani ngati suuma kapena kutulutsa madzi amchere. Madzi odekha a m'bango ndi m'zithaphwi amasunga nkhono zofalitsa likodzo, ndipo udzudzu umaswana momwemo. Ganiziraninso za chimbudzi. Pa mchenga dzenje limagumuka, ndipo pamene madzi ali pafupi pansi pa nthaka, zonyansa zimakafika m'zitsime. Alangizi a zaumoyo amati chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30, ndipo chikhale chakunsi kwake. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, udasautsa kwambiri madera a m'mbali mwa nyanja. Malo amene simungakumbepo chimbudzi cholimba si malo olererapo ana. Ŵerengeraninso mtunda wopita ku chipatala ndi ku sukulu, ndipo muone ngati pakati pake pali mtsinje umene mai woyembekezera kapena mwana wa sitandade 1 sangaoloke m'dzinja.

Chimene chimabweza anthu ku madzi

Pali chinthu chimene alangizi ena amachiiŵala akamauza anthu kuti asamukire kumtunda. Munthu sakhala pagombe chifukwa chosamva. Amakhalapo chifukwa pamenepo mpamene pali bwato lake, thandala loyanikapo usipa, dambo la mpunga ndi munda wa chinangwa. Ku Chigwa cha Shire zimenezi zaoneka kwa zaka zambiri. Madzi atasefukira mu Januwale 2015, ndiponso zaka zina zotsatira, anthu a m'madera monga Makhanga ku Nsanje ankauzidwa kuti asamuke, koma ambiri ankakana kapena kubwerera, popeza kumtunda kunalibe nthaka yonga ya kudimba kwao. Nyumba youma yopanda chakudya siisunga munthu.

Nchifukwa chake funso lachiŵiri nlakuti: tikakhala kumeneko, tidzadya chiyani? Njira imene yathandiza mabanja ambiri ndi yolekanitsa pogona ndi pogwirira ntchito. Nyumba yeniyeni, nkhokwe, ziŵeto ndi ana zikhale kumtunda. Kugombe kapena kudimba kukhale msasa wa mitengo ndi udzu, woti madzi akautenga banja silingagwe nao mphwayi. Koma mtunda wa pakati pa malo aŵiriŵa ukhale woti munthu angayende m'maŵa nkubwerera madzulo. Ukatalika kwambiri, msasa uja pang'onopang'ono umasanduka nyumba, ana amatsatira, ndipo patapita zaka zisanu mudzi wonse wabwerera pamene udachoka.

Kodi malowo ndi a yani?

Funso lachitatu ndi la mwini malo. Kuno malo adayamba kuchepa kalekale. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pamene ankatsekula minda ya mizimbe ndi fakitale ya shuga ku Dwangwa, imene idayamba kugwira ntchito mu 1979, midzi ina idasamutsidwa m'chigwa chimenecho. Ntchito ya shuga idakokanso anthu ochokera m'maboma ambiri, ndipo ena mwa iwo adakhazikika konkuno. Pambuyo pake ulimi wa mizimbe udafalikira ku minda ya m'midzi, ndipo milandu ya malo yakhala ikumveka m'dera la Dwangwa kwa zaka zambiri. Onjezanipo ofuna gombe kuti amangepo malo ogona alendo. Motero amene akufuna malo kumtunda adziŵe kuti thengo looneka lopanda mwini kaŵirikaŵiri lili ndi mwini wake.

Malo ambiri a m'midzi ndi a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu. Lamulo la malo a makolo la mu 2016, limene lidakonzedwanso mu 2022, lidakhazikitsa makomiti a malo pansi pa magulupu, ndipo mwa anthu 6 osankhidwa m'komitimo, osachepera 3 ayenera kukhala amai. Lamuloli limalola munthu kapena banja kulembetsa malo ao nkulandira chikalata. Ntchito yolembetsayi ikuyenda pang'onopang'ono, koma ngakhale kumene siinafike, pali zinthu zoti banja lichite. Musalandire malo kwa munthu mmodzi mseri. Pakhale a mfumu, eni mbumba a banja lopereka malowo, ndiponso oyandikana nao mbali zonse. Yendani m'malire onse pamodzi, bzalani mitengo m'ngodya, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe, mboni zisaine, a mfumu adinde. Pakalembedwenso poyera ngati malowo mwapatsidwa, mwabwerekedwa kapena mukuchita lendi, pakuti mikangano yambiri imabuka opangana aja atamwalira, ana a mbali ziŵiri akukumbukira zosiyana.

Banja likhale pansi

Funso lachinai ndi la m'nyumba momwe. Pa mwambo wa Acheŵa mwamuna amakakhala kwao kwa mkazi, ndiye chikamwini, kapena amapempha kutenga mkazi kupita naye kwao, ndiye chitengwa. Kuno kunyanja kudasakanikirana Acheŵa, Atonga ndi anthu a mitundu ina, ndipo banja limodzi lingakhale ndi miyambo iŵiri. Palinso ambiri amene amagula malo pa dera lachilendo, kumene si kwao kwa mwamuna kapena kwa mkazi. Njira iliyonse ili ndi ubwino wake, koma iliyonse ifunika kuyankha funso limene anthu amaopa kulitchula: mmodzi mwa ife akatsogola, wotsalayo ndi ana adzakhala pati?

Mkamwini amene wamanga nyumba ya malata pa malo a akuchikazi, ndi mtengwa amene wathira thukuta lake pa malo a akuchimuna, onse aŵiri angadzauzidwe kuti abwerere kwao maliro atatha. Lamulo la chuma chamasiye la mu 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wamasiye pamodzi ndi ana, ndipo limati kulanda chuma chamasiye ndi mlandu. Komabe mlandu umaŵaŵa ndipo umadya nthaŵi. Nkwabwino kuti ankhoswe a mbali zonse ziŵiri amve za malo ndi za nyumba njerwa isanaumbidwe, ndipo pamene nkotheka, maina a onse aŵiri alembedwe pa chikalata.

Inu abambo, musagamule nokha nkungouza amai tsiku lonyamuka. Amai ndiwo amadziŵa kutalika kwa ku mjigo, ku nkhuni ndi ku chigayo. Okalamba naonso amvedwe. Agogo akamakana kuchoka chifukwa cha manda a abale ao, musaŵaseke. Kambiranani za mmene muzidzayendera mandawo ndi za kumene banja lizidzaika maliro ake, pakuti munthu amene mtima wake watsala kumbuyo sakhazikika.

Nthaŵi ndi dongosolo la msamuko

Mukagwirizana, musadikire kuti madzi akusamutseni. Nyengo yabwino ndi ya pambuyo pa zokolola, kuyambira Juni mpaka Seputembala, pamene njerwa zimauma bwino, udzu wofolera ulipo ndipo njira nzopitika. Chinangwa chimatenga chaka kapena kupitirira kuti chikhwime, choncho bzalani ku malo atsopano dzinja limodzi musanasamuke, ndipo munda wakale musausiye msanga, kuti kondoole asasoŵe pakati. Kumbani chimbudzi musanagone m'nyumba yatsopano. Maziko akhale okwera, khonde likhale lotambalala kuti mvula isamenye zipupa, ndipo mukumbe ngalande yopatutsa madzi kumtunda kwa nyumba.

Sukulu zimatsekulira chaka mu Seputembala, motero tengerani ana makalata osinthira sukulu nthaŵi ikadalipo. Amene amalandira mankhwala mwezi ndi mwezi akatenge kalata ku chipatala chao, kuti asadukize. Mabuku a kuchipatala, ziphaso za unzika, makalata a ubatizo ndi a ukwati, ndiponso mapepala a malo zikulungidwe m'pulasitiki nkusungidwa pamwamba. Bwezani ngongole za kumudzi wakale, tsazikani a mfumu ndi anansi, ndipo kumene mukupitako mukadziwonetse kwa a mfumu ndi ku mphakati. Wochoka mwaulemu amasiya khomo lotsekula.

Mau otsiriza apite kwa inu a kumtunda, amene muli ndi malo. Mabanja ochokera kugombe akabwera kudzapempha pomanga, kumbukirani kuti ambiri mwa makolo athu adafika kuno ngati alendo, ena pothaŵa nkhondo, ena pofuna ntchito, ndipo adalandiridwa. Kukweza mtengo wa malo chifukwa mnzako wamira nkudyera pa tsoka lake. Ndipo inu akatekisiti, banja likabwera kudzafunsa nzeru, musaligamulire. Likhazikeni pansi, mulifunse mafunso anai aja: madzi adafika pati mu 1980 ndi mu 2024, mudzadya chiyani, malowo ndi a yani, ndipo kodi nonse mwavomera? Pamene yankho likusoŵa, aperekezeni kwa agogo, kwa a mfumu kapena kwa mlangizi amene angayankhe.

Nyanja idzatsikanso, monga idatsikira pambuyo pa 1980. Mchenga woyera udzaonekanso, ndipo padzabwera ana amene sadaone madzi a 2024. Ntchito yotsala kwa ife amene tidaona ndi kuika chizindikiro pamene madzi adalekeza, kaya mwala, kaya mtengo wobzala, ndi kuŵauza anawo tanthauzo lake. Mukhale ndi mtendere m'nyumba zanu.